Chitini cha a Njobvu

Dzulo kunakwana chaka chimwalilile a Njobvu. Kuntchito palibe amene anakumbukila, ndipo sindingawaimbe mlandu, chifukwa mwa ife amene tili mu labu lelo ndine ndekha ndinagwilapo nawo ntchito. Ine ndinakumbukila ndili m'basi ya ku Petauke, isananyamuke pa Nyimba, azimai a nthochi akugogoda mawindo, chitini chili pamiyendo panga. Misozi inangoyamba yokha. Amai amene ndinakhala nawo pampando anandifunsa ngati ndikupita kumalilo. Ndinati iyayi, malilo anapita kale.

Chitinicho ndi cha mkaka wa ana. Chinali cha mwana wanga Taonga ali wakhanda, ndipo a Njobvu anandipempha mkaka utatha. M'kati mwake mumagona kadisiki kakuda kosungila mafayilo a kompyuta, kokula ngati sopo wosambila, kokulungidwa m'masokosi awili a mwini wake. Masokosiwo sindinasinthe mpaka lelo. Limodzi lili ndi chigamba pachidendene chimene anasoka okha, ndi ulusi wofiila pa nsalu yakuda.

A Njobvu sanali dokotala, ndipo pakhoma pawo panalibe pepala la sukulu yaikulu. Anayamba ali mnyamata kukonza makina otaipila ku khoti la pa boma. Makinawo atatha ntchito anaphunzila mawailesi, kenako makompyuta, pang'onopang'ono, potsegula ndi kuyang'ana. Labu yathu italandila kamakina kowelenga DNA ya tizilombo ta chifuwa chachikulu, akatswili anabwela kuchokela ku Lusaka, anaphunzitsa masiku ochepa, n'kubwelela. Amene anatsala ndi mawaya, fumbi ndi kuzima kwa malaiti anali a Njobvu.

Anali munthu wamtali, woonda, wovala jekete ngakhale mu Okutobala. M'thumba la pachifuwa munkakhala kabulashi kometela ndevu, koma ndevu kanali kasanazikhudzepo: ankapukutila fumbi la kompyuta, m'mawa uliwonse, asanapeleke moni kwa munthu aliyense. Laputopu sankaiika pathebulo chabe. Ankaikhazika pa zotsekela mabotolo zinayi kuti mphepo izipita pansi, ndipo fani yokhayo ya mu labu inkayang'ana laputopuyo, ife thukuta lili kamukamu. Ukadandaula ankakuyankha kuti munthu akatenthedwa amamwa madzi, koma makina akatenthedwa amayamba kuchedwa osakuuza.

Tsiku langa loyamba tinayambana. Ndinali nditangochoka ku koleji, satifiketi ili yatsopano m'chikwama, ndipo foni yanga inali itatsala pang'ono kuzima. Ndinaona pulagi yopanda kanthu pa batile lalikulu la pansi pa thebulo, n'kulowetsa chaja.

"Amai, ndani wakuuzani kuti pamenepo ndi pa msika?"

"Pepani bambo, ndi kanthawi kochepa chabe. Mwana ndamusiya ndi anthu."

"Mwana mwamusiya ndi anthu. Awa ali m'makinamu awasiya ndi ndani? Malaiti akazima manje, batile ili ndiye mpweya wao. Chotsani."

Ndinachotsa, mumtima ndikuwatukwana. Masana anandibweletsela kachaja kao ka sola, n'kukaika pawindo. Kuyambila tsiku limenelo ankandiitana amake Taonga, ndipo foni yanga inkadya dzuwa pawindo ngati buluzi.

Ku koleji anatiphunzitsa za DNA ndi zithunzi za pa bolodi, koma ndinaimvetsa pa thebulo la a Njobvu. Ankafotokoza zonse ngati mlandu wa ku khoti, chifukwa kumeneko ndiko anakulila. Kamakina kowelengako, kotalika ngati chitsononkho, ankakatcha Khutu. Ulusi wa DNA ukamadutsa pa timaenje take tosaoneka ndi maso, mphamvu ya magetsi imanjenjemela, ndipo Khutu limangomva kunjenjemelako n'kukusunga. Amenewo, ankatelo, ndiwo mawu a mboni. Koma mboniyo imalankhula chinenelo chimene woweluza sachimva. Ndiye pamafunika womasulila, amene ndi pulogalamu ya mu kompyuta, kuti asandutse kunjenjemelako kukhala zilembo zinayi zija, A, C, G ndi T, zondandana zikwizikwi. Pulogalamu ina imatenga zilembozo n'kuziyelekeza ndi za kachilombo kodziwika kale, kufuna malo amene chilembo chasintha. Chilembo chimodzi chikasintha pa malo oipa, mankhwala amene timadalila amakhala ngati madzi kwa kachilomboko.

Omasulila analipo awili. Wa pa laputopu yathu anali wothamanga: pofika Lachiwili madzulo anali atapeleka kale yankho pagalasi. Koma a Njobvu ankati ku khoti anaonapo omasulila othamanga, amene mboni ikati mbuzi inali yakuda iwo amangoti inali mbuzi. Womasulila wofatsa ankafuna kompyuta yamphamvu, ndipo yotelo inali imodzi chabe, ku Petauke, m'kachipinda kozizila. Inali ndi kachipangizo kamene a Njobvu ankati anakapangila ana osewela magemu, ndipo ankaseka mpaka kutsokomola akaganiza kuti chidole cha ana olemela ndicho chimauza mlimi wa ku Kaumbwe mankhwala oti amwe. Mafayilo a mawu a mboni ndi aakulu kwambili, netiweki yathu sikanawanyamula ngakhale sabata yonse. Choncho netiweki yathu inali basi. Lolemba tinkayatsa Khutu, Lachitatu m'mawa a Njobvu ankakwela ndi chitini, n'kukagona kwa mbale wao wa kutchalitchi, Lachisanu madzulo n'kubwela ndi mayankho. Lamulo lao linali limodzi: pepala silituluka mu labu womasulila wofatsa asanalankhule. Chidindo chinkakhala m'dilowa yao.

Lamulo lina linawayambanitsa ndi abwana athu, mnyamata wophunzila bwino amene ankabwela kamodzi pa mwezi kudzaona ntchito. Madisiki ankadzaza msanga, ndipo abwanawo anati zilembo zikatuluka, mafayilo aakulu aja tiziwafafaniza.

"A Njobvu, mukusunga zinyalala. Yankho tili nalo kale."

"Bwana, womasulila akamaliza, mboni mumaipha?"

"Iyi si khoti, madala."

"Chaka chamawa abweletsa womasulila wina wanzelu kuposa uyu. Adzafunsa kuti mboni inati chiyani. Mudzamuuza kuti munaitaya chifukwa inkadya malo?"

Abwana anaseka, natuluka akupukusa mutu. A Njobvu anapitiliza kusunga. Anatola madisiki m'makompyuta akufa a m'maofesi ena, nawapukuta ndi kabulashi kaja, nawalemba manambala ndi utoto wa m'zikhadabo umene anandipempha. Ndikuganiza kuti kuyambila pamenepo abwana anayamba kuwaona ngati mtolo.

Za kwao sankakamba. Ndinadziwa chabe kuti akazi ao anamwalila kalekale, ndi kuti ana ao awili ali ku Kitwe. Foni yao inali ya mabatani, ndipo pa zaka zitatu ndinaimva ikulila mwina kanayi. Masana ankatuluka panja, n'kukhala pa njelwa kuseli kwa labu, akudya nsawawa zokazinga za m'kapepala, okha. Chakudya pafupi ndi makina chinali choletsedwa, ngakhale kwa iwo eni. Nthawi zina ndinkawamva akulankhula ndi laputopu motsitsa mawu, m'Chinsenga cha kwao, ngati munthu wonyengelela ng'ombe yotopa kuti imalize mzele.

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizungulila.

Taonga ali ndi zaka ziwili, atate ake, amene amagulitsa mabasiketi pamseu ku Kacholola, anayamba kutsokomola. Anawapeza ndi chifuwa chachikulu. Anali atagona chipinda chimodzi ndi mwana masabata onse amene ankabwela kunyumba. Adokotala athu, amai ofatsa a imvi zochepa, anati mwana alibe matenda, koma ayenela kumwa mankhwala omuteteza kwa miyezi ingapo. Kuti asankhe mankhwala oyenela, anafuna adziwe kaye ngati kachilombo ka atate ake kamamva mankhwala a masiku onse. Makhololo a amuna anga analowa mu labu yathu.

Mu labu mulibe maina, muli manambala. Koma ine ndinaona fomu, ndipo nambalayo inandikhala m'mutu ngati nyimbo yoipa. Ndinayenela kuwauza a Njobvu kuti iyi ndi ya m'nyumba mwanga, ndisaikhudze. Sindinanene. Ine ndine munthu wamantha, ndivomele. Mwana akayetsemula kawili ndimayamba kuganiza za bokosi. Sabata imeneyo ndinkaika khutu pamsana pa Taonga kangapo patsiku, kumvetsela ngati m'chifuwa muli phokoso.

Lachiwili madzulo womasulila wothamanga anamaliza. Pa nambala ija panalembedwa kuti palibe chasintha, mankhwala onse agwila. Ndinatembenukila kwa a Njobvu.

"Bambo, awa aoneka bwino onse. Sitingawatulutse lelo? Anthu akudikila."

"Adikile mpaka Lachisanu."

"Koma makina anena kale."

"Makina ayamba kunena, amake Taonga. Sanamalize."

"Masiku atatu ndi ambili kwa munthu amene ali ndi mwana."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ao nthawi yaitali. Kenako anatenga kadisiki, nakakulunga m'masokosi, natseka chitini.

Lachitatu anakwela basi. Ine ndinatsala ndekha ndi fani. Cha m'ma teni Taonga anabwela m'maganizo mwanga akutsokomola, ngakhale m'mawa ndinamusiya akusewela. Ndinadziuza kuti yankho ndi lomwelo, kuti nkhalamba ikungokonda ulendo, kuti ine ndili ndi satifiketi ndipo iwo alibe. Ndinayatsa pulinta. Dilowa yao sinkakhomedwa, chifukwa sanaganizepo kuti pangafunike kiyi. Ndinatenga chidindo, ndinadinda, n'kuika pepala pa mulu wopita kwa adokotala. Masana omwewo Taonga anamwa mankhwala ake oyamba, osungunula m'supuni, ndipo ine ndinamva ngati ndine mai wabwino kuposa onse a mu Nyimba.

Lachisanu a Njobvu sanadikile basi ya madzulo. Anafika isanakwane naini m'mawa, atakwela pamwamba pa lole ya thonje, jekete ili yoyela ndi fumbi, ulusi wa thonje uli m'tsitsi. Sanapukute kompyuta. Sanandipatse moni. Anaika chitini pathebulo, nadinda pepala limodzi, natuluka nalo mofulumila kuposa mmene ndinawaonelapo akuyenda.

Patapita kanthawi anabwela pamodzi ndi adokotala. Ine ndinali pa sinki. Adokotala anali ndi mapepala awili, lina kudzanja ili, lina kudzanja ilo.

"A Njobvu, nambala imodzi, chidindo chimodzi, mayankho awili. Ili likuti mankhwala onse agwila. Ili likuti amodzi sagwila, ndipo ndi omwewo ndampatsa mwana. Ndikhulupilile liti?"

Madzi ankathila m'manja mwanga. Sindinathe kutseka mpopi.

A Njobvu anatenga pepala la Lachitatu. Anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya jekete, nawavalanso. Analiyang'ana ngati akuwelenga kalata yochokela kutali.

"La lelo, amai. Wothamanga anaphonya chilembo chimodzi. Ku Petauke tabweleza kawili, chasinthadi."

"Nanga ili linatuluka bwanji?"

"Ndi langa. Ndinafulumila."

"Inu? Lachitatu si munali pa basi?"

"Ndinadinda m'mawa ndisananyamuke. Ukalamba, amai. Mutu wayamba kuchita zake."

Adokotala anawayang'ana, kenako anayang'ana msana wanga. Ndinaumva ukutentha. Anati ayenela kulemba lipoti, chifukwa mwana akanamwa miyezi yonseyo mankhwala osamuteteza, makolo ali phee poganiza kuti watetezedwa, ndipo atate akenso ayenela kusinthidwa mankhwala. A Njobvu anati lembani, ndi zoona.

Adokotala atatuluka, ndinatseka mpopi. Ndinadikila kuti andikalipile. Ndinkafuna andikalipile. Iwo anatulutsa kabulashi n'kuyamba kupukuta laputopu, batani limodzilimodzi.

"Pitani mukatenge mwana, amusinthile mankhwala."

"Bambo, munadziwa kuti ndi..."

"Nambala imeneyo munkaiyang'ana kuyambila Lolemba ngati yakukongolani mwamuna. Pitani. Mukabwela mudzapeza Khutu ndalitsuka."

Nkhaniyo sanaitchulenso. Chidindo chinakhalabe m'dilowa yomweyo, yosakhoma. Chimenecho chinandipweteka kuposa mbama.

Lipoti linafika kwa abwana. Chaka chitatha, pepala la ntchito la a Njobvu silinawonjezeledwe. Anati zaka zakwana, ndipo panali kale umboni wolembedwa kuti nkhalamba yayamba kulakwitsa. Ine ndinalipo pamene ankawauza. Ndinali ndi pakamwa. Ndinaganiza za ntchito yanga, za amuna anga amene anali asanayambenso kugulitsa, za mkaka wa mwana, ndipo ndinayang'ana pansi. Ndimadziuza kuti akanawachotsabe, lipoti kapena popanda lipoti. Masiku ena ndimakhulupilila.

Tsiku lao lomaliza anabwela m'mawa monga mwa masiku onse, napukuta kompyuta. Anandionetsa madisiki onse m'kabati, nambala ndi nambala, n'kundiuza kuti disiki lachisanu ndi chiwili limachita phokoso, ndisamalidalile. Kenako anandipatsa chitini.

"Chitini chanu, amake Taonga. Ndinangobweleka."

"Masokosi anu, bambo."

"Asiyeni. Mseu wa pa Minga uli ndi mabampu. Ndipo m'basi musachiike pansi, injini imatentha. Pamiyendo."

Ndinawapelekeza mpaka pageti. Ndinafuna kuwapepesa, ndipo ndikuganiza kuti anaona, chifukwa anandidula ndisanayambe. Anafunsa ngati Taonga wayamba kuwelenga manambala. Ndinati amafika pa faifi. Anati ameneyo wakwana kale kugwila ntchito mu labu, zilembo ndi zinayi chabe. Anaseka okha, nakwela njinga yao, kachikwama kali kumbuyo.

Ku Nyalugwe, kumudzi kwao, sindinapite kukawaona. Mwezi uliwonse ndinkati mwezi wamawa. Kunena zoona sindinkaopa mtunda, ndinkaopa kukhala nao pansi pa mtengo popanda makina pakati pathu oti tiziyang'ana. Kamodzi ndinawatumila uthenga pa foni kuti Taonga wamaliza mankhwala, ali bwino. Yankho linabwela patapita masiku awili: "Zikomo. Mukusunga mboni?" Ndinayankha kuti inde. Amenewo ndiwo mawu athu omaliza.

Anamwalila nthawi yokolola. Mlongo wao ndiye anawapeza m'mawa, atakhala pampando pakhonde, wailesi yotsegula ili pamiyendo, sikuludilaiva ili pansi. Pamalilo panali anthu a m'mudzi ndi a kutchalitchi. Ana a ku Kitwe anafika mochedwa, bokosi litatsika kale. Kuchokela kuntchito ndinapita ndekha. Wolalikila anati malemu anali munthu wokonza mawailesi, ndipo anthu anavomela. Palibe amene ankadziwa kuti m'midzi yonseyo, mpaka ku Kaumbwe, muli anthu amene akupuma lelo chifukwa munthuyu ankakana kufulumila. Mlongo wao anandifunsa kuti ndine ndani. Ndinati ndine wa kuntchito. Anandigwila dzanja n'kunena kuti, "Ndinu amake Taonga? Ankati muli ndi manja abwino, koma mtima umathamanga." Sindinathe kudya.

Ndaganizapo zokaulula. Koma adokotala aja anasamutsidwa, abwana aja anapita kukaphunzila kunja, ndipo lipoti lili m'fayilo imene palibe adzaitsegule. Munthu yekhayo amene ndinayenela kumuuza ankadziwa kale, ndipo sanafune kumva. Ndiye ndalemba pano, kuti pakhale penapake polembedwa kuti pepala la Lachitatu lija silinali la a Njobvu. Ndinadinda ndine.

Taonga ali ndi zaka zisanu tsopano. Amathamanga mpaka ine kutopa pomuyang'ana. Akatsokomola ndimaikabe khutu pamsana pake, iye n'kumaseka kuti amama mukumva chiyani, muli wailesi? A Njobvu sawakumbuka. Amadziwa chabe kuti chitini cha mkaka chimene amai ake amanyamula Lachitatu sachigwila.

Akuti chaka chamawa atibweletsela kompyuta yamphamvu konkuno ku Nyimba, ndipo ulendo wa ku Petauke udzatha. Anzanga atsopano akuwelenga masiku. Amandiseka ndikakana kutulutsa pepala Lachiwili, amati ndine gogo wa mu labu, ndipo madisiki a m'kabati amawatcha manda.

Pakona pao sipanakhale munthu. Mpando wao unathyoka mwendo, anautulutsa, ndipo pansi panatsala timabowo tinayi pamene miyendo yake inadya simenti. Laputopu ikadali pa zotsekela mabotolo zomwe zija; chimodzi chinachita dzimbili, koma sindinachisinthe. Fani ikuyang'anabe makina. Pa msomali pamene ankapachika jekete pali kalendala ya chaka chatha imene palibe waichotsa. Kabulashi anapita nako, ndiye ndimapukuta ndi kansalu, koma fumbi la pakati pa mabatani silichoka. Kuseli kwa labu njelwa ija ilipo, udzu wamela mozungulila. Masana ena ndimatuluka ndi nsawawa zanga, ndimaima pafupi nayo, ndimadya choimilila. Ndikabwelela m'kati ndimapeza Khutu likumvetsela lokha, kanyali kake kakuthwanima, ndipo dilowa ili momwe anaisiyila, yosakhoma.